Mbiri ya Kalembera wa Njovu, Kuchokera ku Dande Mpaka ku Kasungu

Malire a Zimbabwe, Mozambique, Zambia ndi Malawi asanalembedwe, dziko lonse loyambira kumapiri a Mavuradonha, kutsetserekera kuchigwa cha Dande, kuwoloka Zambezi, kukwera ndi mtsinje wa Luangwa mpaka kutulukira kumtunda kwa Kasungu, linali busa limodzi la njovu. M'dzinja zinkamwazikana thengo lonse poti madzi anali paliponse m'zithaphwi. Chilimwe chikalimba, zithaphwi n'kuphwa, zinkabwerera kumitsinje ikuluikulu, kutsata mikwaso yomweyo imene mibadwo ya njovu inaponda mpaka kukumbika. Patsogolo pankakhala yaikazi yaikulu, mwini banja, imene inkakumbukira dziwe lomwe silinaume m'chaka cha chilala.

Anthu a nthawi imeneyo sankasunga chiwerengero cha njovu, koma kuzidziwa ankazidziwa. Luso lawo likadalipo mwa olondola mapazi a masiku ano. Munthu wotere akapeza ndowe amazipasula ndi phazi kuti amve ngati zikadali zofunda mkati. Amayang'ana nthambi yothyoledwa ngati utomoni wake wauma. Phazi lakutsogolo akalizunguliza chingwe, amadziwa kuti kutalika kwa chingwecho kuwirikiza kawiri ndiwo msinkhu wa njovuyo kulekeza paphewa, ndipo atero wadziwa ngati padutsa nkhunzi yokha kapena banja la ana. Mafumu nawo anali ndi kawerengedwe kawo. M'dziko la Undi ndi la Kalonga, njovu ikagwa, mnyanga umene wakhudza pansi unali wa mwini dziko, winawo wa mlenje. Motero mfumu inkadziwa kuti chaka chino zagwa zingati. Kwa zaka mazana ambiri, njovu inkalowa m'chiwerengero cha anthu itafa.

Chimene chinasintha zinthu ndi msika. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 anatsegula msika ku Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Golide ankachokera kummwera, m'dziko la Mwenemutapa, kuphatikizapo chigwa cha Mazowe chimene muli Bindura lero. Minyanga yambiri inkachokera kumpoto, kwa Amaravi, ndipo ina Ayao ndi Abisa ankaisenza mpaka ku Kilwa ndi kuchilumba cha Mozambique. M'zaka za m'ma 1800 msikawo unatentha. Ku India ankafuna zibangili za akwatibwi, ku Ulaya ndi ku America ankafuna makiyi a piyano, zipeso ndi zigwiriro za mipeni. Achikunda, amene kale anali asilikali a m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi m'mbali mwa Zambezi, anasanduka akatswiri osaka njovu ndi mfuti za gogodela. Atsogoleri awo ngati Kanyemba ndi Matakenya analemera mpaka kukhala ndi maiko awoawo, ndipo dzina la Kanyemba likadali pachipata cha kumpoto kwenikweni kwa Zimbabwe. Kuno kunyanja Jumbe wa ku Nkhotakota ankalandira minyanga yochokera kwa Mwase ku Kasungu n'kuiwolotsa pa zombo. Wosenza mnyanga nthawi zina anali kapolo, amene akafika kugombe ankagulitsidwa limodzi ndi katundu wakeyo.

Nambala yoyamba ya njovu zamoyo imene imatchulidwa kawirikawiri m'mbiri ya dera lathu ndi ya David Livingstone. Mu 1859, akukwera ndi mtsinje wa Shire, iye ndi anzake anawerenga njovu 800 zikuoneka nthawi imodzi m'dambo lalikulu la kumunsi kwa Chikwawa, n'kulitcha Elephant Marsh. Mu 1897 boma la atsamunda linalengeza kuti dambolo lisungidwe chifukwa cha nyama, koma mfuti zinali zitagwira kale ntchito yake. Lero dzina lilipo, njovu palibe ndi imodzi yomwe. Chodabwitsa n'chakuti ena mwa olemba malamulo oteteza nyamawo anali alenje omwewo. Alfred Sharpe anafika kuno mu 1887 n'kumakhalira kupha njovu ndi kugulitsa minyanga, kenaka anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Kummwera kwa Zambezi, Frederick Selous, mlenje wotchuka wa njovu, ndiye analondolera gulu la azungu a Cecil Rhodes kulowa ku Mashonaland mu 1890. Atakhuta iwo, anati munthu wakuda wogwira mfuti m'thengo ndi mbava.

Azungu a Rhodes ankafuna golide, ndipo anamufuna m'maenje momwe eni dziko ankakumba kale. Pamgodi wina wotchedwa Kimberley Reefs, makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakummawa kwa Harare, panamera katauni kamene mu 1913, njanji itafika, kanapatsidwa dzina loti Bindura. Migodi ndi mafamu a m'chigwa cha Mazowe zinkafuna manja, ndipo manja ambiri anachokera kwathu kuno. Amuna a ku Dedza, ku Ntcheu, ku Dowa ndi ku Fort Jameson ankayenda wapansi milungu ingapo kudutsa dziko la Tete, kuwoloka Zambezi pa bwato, n'kukwera mapiri kulowera ku Mount Darwin kapena ku Mutoko. Ankayenda m'magulu poopa mikango ndi achifwamba, ndipo madzi ankamwera m'maiwe amodzimodzi ndi njovu. Magalimoto a Ulere, onyamula anthu oterewa, anadzabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Zidzukulu za matchona amenewo zikadali m'makomboni a Bindura, ku Trojan kumene ankakumba nikelo ndi ku Freda Rebecca kwa golide, ndipo gule wamkulu amavinidwabe. Koma njovu yeniyeni kuzungulira tauniyo inachoka kale. Kuti munthu aipeze ayenera kupita ku Umfurudzi, kupitirira Shamva, kapena kutsika phiri mpaka ku Muzarabani ndi ku Mbire, maboma a m'chigawo chomwecho cha Mashonaland Central chimene likulu lake ndi Bindura.

Nyama zinachoka kumtundako chifukwa cha makasu ndi migodi, komanso chifukwa boma linachita kuzipha dala. Mu 1896 mliri wa rinderpest unawoloka Zambezi n'kupulula ng'ombe, njati, ntchefu, ngoma ndi njiri. Ntchentche ya kashembe, imene imakhalira magazi a nyama zimenezi, inasowa chakudya n'kubwerera m'zigwa. Nyama zitayambanso kuswana, kashembe nayenso anayamba kukwera mtunda kulinga kumafamu a azungu. Ndiye kuyambira 1919 boma la Southern Rhodesia linalemba alenje akuda, otchedwa magocha, n'kuwapatsa mfuti ndi zipolopolo kuti aphe nyama iliyonse m'madera oikika. Umboni wake unali mchira. Kalaliki ankawerenga michira n'kulemba m'buku mtundu wa nyama, malo ndi mwezi, ndipo pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mabukuwo anali ndi nyama zoposa 650,000. Akatswiri a m'mbuyo muno anadzagwiritsa ntchito mabuku omwewo pofuna kudziwa nyama zimene zinali m'madera amenewo. Kaundula woyamba wautali wa nyama za kumpoto kwa Zimbabwe ndi kaundula wa maliro.

Ku Nyasaland kashembe yemweyo anabala zosiyana. Kumadzulo kwa Kasungu matenda a kaodzera anavuta, ndipo m'malo mopha nyama boma linasamutsa anthu. Mu 1922 dziko limene anasiyalo linalengezedwa kukhala nkhalango ya Fort Alston, mu 1930 malo osungira nyama, ndipo mu 1970 paki ya Kasungu, yokula makilomita oposa 2,300 m'bwalo lake. Mkatimo muli mabwinja, manda ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo za makolo a anthu amene lero amamangidwa akalowamo kukatola nkhuni kapena matondo. Aliyense wofuna kumvetsa chifukwa chimene mawu oti agemu samveka bwino m'midzi ya kwa Chulu ayambire pamenepa. Kuchigwa cha Luangwa malo osungira nyama analengezedwa mu 1938, koma ntchito yaikulu ya boma inali kupha njovu zolowa m'minda. Norman Carr anayamba ndi ntchito imeneyo asanapangane ndi Mfumu Nsefu mu 1950 kuti apatule malo oti alendo aziona nyama ndipo ndalama zizipita kwa eni dziko.

Kuwerenga njovu zamoyo mwadongosolo kunabwera ndi ndege, m'zaka za m'ma 1960, ndipo kachitidwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero. Pamapu amajambula mizere yowongoka yotalikirana mofanana. Kandege ka anthu anayi kamauluka kutsata mzere uliwonse, mamita pafupifupi 90 kuchokera pansi. Pachitsulo chogwira phiko mbali iliyonse amamangapo tindodo tiwiri, ndipo wowerenga wokhala kumbuyo amangowerenga nyama zimene zikuoneka pakati pa tindodoto, kachigawo ka mamita pafupifupi 150 pansipo. Njovu ili kunja kwa tindodo, ngakhale aione bwino chotani, saiwerenga. Wokhala kutsogolo amalemba, ndipo amayang'anira kuti ndege isakwere kapena kutsika, chifukwa ikatero kachigawo kaja kakula kapena kuchepa. Ntchitoyi amaichita m'chilimwe mitengo itayoyola masamba, m'ndege motentha, mphepo ikukankha uku ndi uku, moti ambiri amatsikamo atasanza. Pomaliza amakhala ataona gawo laling'ono chabe la dzikolo, mwina limodzi mwa magawo khumi, ndipo zotsalazo amachita kuchulukitsa. N'chifukwa chake katswiri weniweni sanena nambala imodzi yokha. Amati zilipo pakati pa zakuti ndi zakuti. Andale ndi atolankhani ndi amene amatola nambala yapakatiyo n'kuiyesa malemba.

Ndege zitayamba kuuluka, zinaonetsa njovu zochuluka kuposa mmene aliyense ankaganizira, zitapanikizana m'mapaki poti kunja kunali kutadzaza minda. Mitengo ya tsanya inali itathyoledwa kulekeza m'chiuno, milambe itasendedwa makungwa mpaka kugwa. Akatswiri ambiri anati njovu zidya nkhalango yonse kenaka zife ndi njala, ndipo mankhwala ake ndi kuzipungula. Ku Kakumbi, pafupi ndi Mfuwe, anamanga malo ophera nyama, ndipo kuyambira 1965 njovu pafupifupi 1,500 zinaphedwa m'zaka zochepa. Ku Zimbabwe ntchito yomweyo inapitirira mpaka zaka za m'ma 1980 n'kupyola, ndipo zophedwa zinaposa 40,000. Ankapha banja lathunthu nthawi imodzi kuti pasatsale zosokonezeka. Zambiri zimene tikudziwa za thupi la njovu zinachokera pamitembo imeneyo. John Hanks, amene anafufuza za ku Luangwa, ankayeza zibwano ndi ziberekero kuti adziwe zaka ndi kaberekedwe. Njovu imamera mano otafunira kasanu ndi kamodzi pa moyo wake, ndipo dzino limene likugwira ntchito limaulula zaka zake. Bere limatenga miyezi 22, ndipo mwana amabwera kamodzi pa zaka zinayi kapena zisanu. Msipu ukachepa, zazikazi zimachedwa kuyamba kubereka ndipo ana amatalikirana. Nyama yotere ikaphedwa mopyola muyeso, kubwerera kwake kumatenga mibadwo ya anthu.

Mu 1973 Graeme Caughley wa ku New Zealand anawerenga njovu m'chigwa cha Luangwa n'kupeza pafupifupi 86,000. Caughley sanagwirizane ndi zopungulazo. Mu 1976 analemba kuti njovu ndi mitengo zimasinthana: njovu zikachuluka mitengo imachepa, mitengo ikachepa njovu zimatsika, mitengo n'kuphukanso, ndipo ulendo umodzi wotere umatenga zaka pafupifupi 200. Kwa iye, munthu amene waona nkhalango zaka khumi zokha sangadziwe ngati akuona chiwonongeko kapena nyengo chabe. Mkanganowo sunathe mpaka lero. Caughley yemweyo anadzagwira ntchito ndi Anne Gunn, katswiri wa nyama zotchedwa caribou za kumpoto kozizira kwa Canada, ndipo nkhani ya kumeneko ndi yofunika kuimva. Caribou ndi nyama ya nyanga zanthambi, yoyenda m'magulu a zikwi zambiri mtunda wa makilomita mazana chaka chilichonse kupita kumene imakaswera. Amaziwerenga pojambula zithunzi m'ndege nthawi imene zaunjikana, atazipeza potsata zochepa zovekedwa malamba a wailesi m'khosi. Gulu lotchedwa Bathurst linali ndi nyama pafupifupi 470,000 mu 1986, koma pofika 2021 zinatsala pafupifupi 6,200. Nazonso zimakwera ndi kutsika mwachibadwa, koma m'zaka zomwezo m'njira yake munatsegulidwa migodi ya diamondi ya Ekati mu 1998 ndi Diavik mu 2003, pamodzi ndi misewu yake, nyengo nayo ikusintha. Kulekanitsa chimene chapha zingati kwavuta ngakhale dziko lolemera ngati limenelo. Chimene anachita bwino n'chakuti kuyambira 1982, pa magulu a Beverly ndi Qamanirjuaq, alenje a mitundu ya eni dziko amakhala m'bungwe limodzi ndi akatswiri a boma, ndipo zimene mlenje waona posenda nyama, mafuta a pamsana kapena nthenda ya m'chiwindi, zimalembedwa ngati umboni.

Ku Kasungu ndege inali ndi vuto lake. Nkhalango ya kumeneko ndi ya mombo ndi misuku, yogwirana pamwamba, moti njovu zambiri zinkabisika. Richard Bell, amene ankatsogolera kafukufuku m'pakiyo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980, pamodzi ndi Hugo Jachmann, anatsikira pansi n'kuyamba kuwerenga ndowe. Zimamveka zoseketsa koma ndi masamu enieni. Ukadziwa kuti njovu imachita chimbudzi kangati patsiku, ndiponso kuti mulu umatenga masiku angati chiswe ndi tizilombo tisanaumalize, ndiye kuti milu imene wapeza pamtunda woyezedwa ikuuza kuchuluka kwa eni ake. Kukula kwa mbulu umodzi kumaonetsa msinkhu wa njovu, ndipo potero umadziwa ngati m'gulumo muli ana. Bell anakhazikitsanso zoti alonda azilemba chilichonse paulendo wawo: masiku amene ayenda, makhwekhwe amene achotsa, misasa ya alenje, kulira kwa mfuti, mitembo. Nambala ya makhwekhwe payokha siinena kanthu, koma ukaigawa ndi masiku oyenda umadziwa ngati umbava ukukula kapena alonda angoyenda kwambiri mwezi umenewo. Njira zimenezi, zoyesedwa m'thengo la Kasungu ndi alonda a Chimalawi amene maina awo sanalowe m'mabuku, zinafalikira kumaiko ena. Nthawi imeneyo pakiyo inali ndi njovu zoposa 1,000.

Akatswiri akukangana za kuchuluka kwa njovu, mtengo wa minyanga unakwera, ndipo mfuti zankhondo zinadzaza dera lonse, makamaka ndi nkhondo ya ku Mozambique ya 1977 mpaka 1992. Ku North Luangwa njovu zinatsika kuchoka pafupifupi 17,000 kufika 1,300. Chipembere chinatheratu m'Zambia ndi m'Malawi, moti zimene zilipo lero zinachita kubwera nazo kuchokera kwina. Ku Majete njovu yomaliza inali itapita pofika 1992. Kuphako kunasiya chipsera ngakhale m'magazi a zotsala. Ku South Luangwa, mu 1969 zazikazi zobadwa zopanda minyanga zinali pafupifupi 10 pa 100 zilizonse. Mu 1989 zinali 38 pa 100, chifukwa mfuti inkasankha za minyanga n'kusiya zinazo kuti zibereke.

Yankho linabwera pawiri. Kunja, maiko a pangano la CITES analetsa malonda a minyanga mu 1989. Mkati, Zimbabwe inayambitsa CAMPFIRE chaka chomwecho, ndipo maboma oyamba anali Nyaminyami ndi Guruve, kumene kunali chigwa cha Dande. Ganizo lake linali lakuti munthu amene njovu imamudyera mapira ndiye adyeko phindu lake. Mudzi wa Masoka unatchuka pomanga sukulu, chipatala chaching'ono ndi mpanda wamagetsi wozungulira minda ndi ndalama zochokera kwa alenje achuma akunja. Apa chiwerengero chinasanduka ndalama, chifukwa nkhunzi zololedwa kuphedwa pachaka zinali zosakwana imodzi pa njovu 100 zilizonse, ndipo anthu a m'midzi ankakhala nawo pokambirana nambalayo, kuyerekeza zimene ndege yaona ndi zimene iwo aona kuminda ndi kumadziwe. Kwa ine imeneyi ndiyo nthawi yokha m'mbiri yonseyi pamene mwini munda anafunsidwa kuti njovu zilipo zingati. Tsidya la malire, ku Bawa m'chigawo cha Tete, anatengera nzeruyo chapakati pa zaka za m'ma 1990 n'kuitcha Tchuma Tchato. Pambuyo pake ndalama zambiri zinayamba kuthera m'makhonsolo, ndipo America italetsa kulowetsa minyanga ya alenje ochokera ku Zimbabwe mu 2014, zinachepanso. Msonkhano wa CITES wa ku Harare mu 1997 unabala pulogalamu ya MIKE, yolemba mtembo uliwonse wa njovu ndi chimene chaipha, ndipo Kasungu, South Luangwa, Chewore ndi Niassa ndi ena mwa malo ake.

Kalembera wamkulu kuposa onse anachitika mu 2014 ndi 2015 m'maiko 18, ndi ndalama za Paul Allen wa kampani ya Microsoft, motsogozedwa ndi Mike Chase wa ku Botswana. Anapeza njovu za m'tchire 352,271, ndipo anati zinatsika ndi 30 pa 100 pakati pa 2007 ndi 2014. Ankawerenganso mafupa oyera pansi, poti mitembo ikapyola 8 pa 100 ya zonse zooneka, ndiye kuti gulu likutha. Zimbabwe inali ndi zoposa 80,000, nambala yooneka yokondweretsa, koma mkati mwake munali zina: kuchigwa cha Zambezi zinali zitatsika ndi 40 pa 100 kuchokera mu 2001, ndipo ku Sebungwe ndi 75 pa 100. Ku Niassa zinachoka pafupifupi 12,000 mu 2011 kufika pafupifupi 4,400 mu 2014. Ku Nkhotakota, kumene kale kunali 1,500, zinatsala zosakwana 100. Ku Kasungu, kwa Bell kuja, mu 2015 zinali pafupifupi 50.

Nambala yaikulu inabala kupungula, nambala yaing'ono inabala kusamutsa. Poti mikwaso yakale inatsekedwa ndi midzi, njovu za ku Malawi tsopano zimayenda pa lole. Helikopita imasonkhanitsa banja, dokotala amalasa iliyonse ndi mankhwala ogonetsa kuyambira yaikulu, anthu apansi amathamanga kukaika kamtengo kunsonga ya chitamba kuti mpweya usatsekeke n'kuphimba diso ndi khutu lake lomwe, kenaka makina amaikweza miyendo ili m'mwamba. Mu 2009 njovu 83 zinachotsedwa ku Phirilongwe m'boma la Mangochi kupita ku Majete. Mu 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo anasamutsa zoposa 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, zambiri kupita ku Nkhotakota ndipo 34 ku Nyika. Ku Nkhotakota anayamba amanga mpanda. Mu 2017 lamulo linakhwimitsidwa kuti wopezeka ndi minyanga atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Ndipo mu July 2022 njovu 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, mothandizidwa ndi mabungwe a IFAW ndi African Parks.

Kasungu si Nkhotakota. Kumadzulo kwake ndi malire a Zambia, kopanda mpanda, ndipo n'kwadala, chifukwa pangano limene maiko awiriwa anasaina mu July 2015 linkafuna kuti nyama ziziyenda pakati pa Kasungu ndi paki ya Lukusuzi. Koma pakati pa mapaki awiriwo, m'dziko la Mwasemphangwe ndi Chikomeni, muli midzi ndi minda ya chimanga, soya ndi fodya. Mbali ya Malawi nayo mpanda unali usanathe pamene malole ankafika. Njovu zachilendo, zosadziwa madzi ali kuti, zinatuluka. Anthu afa mbali zonse ziwiri za malire, nkhokwe zapasulidwa, ndipo mu 2025 ena mwa okhudzidwa anatengera nkhaniyi kwa maloya a ku Britain, pamene IFAW ikukana kuti inalakwa. Mlanduwo uli ndi eni ake. Chimene ndikuona ine n'chakuti mbali imodzi ya nkhaniyi ili ndi manambala osamalidwa bwino, njovu zingati, zazikazi zingati, zovekedwa malamba a GPS zili pati usiku uno, pamene mbali inayo anthu amakangana ngakhale pa chiwerengero cha maliro. Malamulo a Malawi ndi a Zambia sapereka chipepeso kwa wodyeredwa munda, ndiye palibe chomukakamiza aliyense kulemba maekala. Zimbabwe inavomereza thumba lothandiza ovulazidwa ndi nyama mu 2022, koma nalo silikhudza mbewu.

Palinso vuto la malire. Kuwerenga njovu dziko lililonse palokha kuli ngati kuwerenga anthu pamsika wa Lizulu, pamene munthu yemweyo m'mawa ali mbali ya Malawi, masana wadumpha msewu ali ku Mozambique. Njovu ya ku Mbire ikawolokera ku Magoe, Zimbabwe imati yatha, Mozambique imati zaswana. Maiko asanu a dera la Kavango ndi Zambezi anathetsa zimenezi mu 2022 pouluka nthawi imodzi ndi njira imodzi, n'kupeza njovu pafupifupi 227,900. Pangano la ZIMOZA, losainidwa ku Harare mu July 2024, likupereka mpata womwewo kuchigwa cha Dande, ku Zumbo ndi ku Luangwa. Nthawi yake ndi yomweyi, chifukwa migodi ikutsika phiri. Ku Muzarabani anayamba kuboola pansi kufuna gasi mu 2022, ku Mavuradonha akumba chrome, ndipo okumba golide m'mitsinje, amene ku Bindura amawatcha makorokoza, amakhala pamadzi omwewo amene nyama zimadalira m'chilimwe. Anthu a m'makomboni amadziwa bwino kuti mgodi subwera wokha. Umabwera ndi msewu, msewu umabwera ndi midzi, ndipo mkwaso ukadulidwa pamenepo palibe kalembera amene angaulumikize.

Pempho langa kwa nthambi zoona za nyama ku Lilongwe ndi ku Lusaka ndi ili. Kalembera wotsatira wa Kasungu ndi Lukusuzi achitike pamodzi, sabata imodzi, ndege zikuuluka mbali zonse za malire. M'lipoti lomwelo mulembedwe minda yodyedwa, nkhokwe zopasulidwa ndi anthu ophedwa, mudzi ndi mudzi, ndipo likawerengedwe m'Chichewa pabwalo la mfumu kwa Chulu ndi kwa Mwasemphangwe lisanatumizidwe kwa opereka ndalama.